Imodzi Imene a Damaris Anabwereka

Ku Kambombo mukafunsa za a Morris Ng'uni, wina adzakuuzani kuti ndi okonza njinga aja a pansi pa mtengo wa bwemba, pafupi ndi sukulu. Wina adzati ndi mdala uja wosadziwa kukometsa mawu. Zonsezi n'zoona. Munthu akabwera ndi njinga yotheratu, iwo ankaizungulira kamodzi n'kunena kuti, "Iyi yafa, musaivutitse." Pa maliro a mlamu wawo atapatsidwa mpata woyankhula, anati malemuwo anali mlimi wolimbika koma wankhanza kwa ana ake, n'kukhala pansi. Achibale anawakwiyira chaka chathunthu, koma iwo sanabweze mawu.

Munthu wotereyu ndi amene anakhala zaka makumi atatu ndi chimodzi akulimbana ndi nambala imodzi.

Nambalayo anaipeza mu 1993. Pa sukulupo panali mphunzitsi wochokera ku Kabwe, a Jeremy Chanda, amene njinga yawo sinkatha sabata osapindika wilo. Tsiku lina akudikira kuti ikonzedwe, anamva a Morris akuyankhula okha uku akumanga masipoko. Ankati masipoko 36 amagawika ndi 2, ndi 3, ndi 4, ndi 6, ndi 9, koma likathyoka limodzi, 35 otsalawo amangomvera 5 ndi 7 basi.

"Munasiyira giredi yanji, a Ng'uni?" anafunsa aphunzitsiwo.

"Sikisi. Atate anamwalira, munda unasowa munthu."

A Chanda anatola kamtengo n'kunjuta pafumbi. "Tengani njere imodzi ya chimanga. Mawa zikhale ziwiri, mkuja zinayi, muziwirikiza choncho mpaka ka 32. Mukatha muwonjezepo njere imodzi. Zimakwana izi." Ndipo analemba 4,294,967,297.

"Kalekale anthu ophunzira ankati nambala iyi ndi yosagawika, ngati 7 kapena 13, amene ukawagawa ndi chilichonse pamakhala zotsala. Kenako wina anapeza kuti imagawika. Ndinaziwerenga ku koleji, koma nambala yoigawayo ndinaiwala."

"Koma ilipo?"

"Ilipo. Mukayamba pansi n'kumakwera, mudzakumana nayo musanapitirire 65,536, chifukwa 65,536 mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mwafika kale pa nambala yathuyi, kungoperewera njere imodzi ija."

Temu itatha a Chanda anasamutsidwira ku Isoka, ndipo sanamvekenso. A Morris anatsala ndi nambala imene anaikopera pa pepala lokutira chubu chatsopano.

Anagula buku lolembamo ndi pensulo. M'mawa uliwonse kupatula Lamulungu, asanagwire khasu kapena sipanala, ankakhala pakhonde, kusongola pensulo ndi mpeni, n'kugawa nambala yaikuluyo ndi nambala imodzi. Imodzi yokha pa tsiku, ndipo mofatsa. Manambala ogawika ndi 2 ndi othera 5 ankawadumpha, poti ankaona ndi maso kuti sangalowe. Anayamba ndi 3, kenako 7, kenako 9, kenako 11. Tsiku lililonse pamapeto pankatsala kanthu, ndipo zotsalazo ankazizunguliza ndi kamzere n'kutseka buku.

Akazi awo, a Damaris, nthawi imeneyo anali ndi mwana woyamba kumsana, dzina lake Maggie. Iwo sukulu anasiyira giredi folo. Ankasesa pabwalo, koma tsache linkachedwa kwambiri likafika pafupi ndi khonde.

"Awiske Maggie," ankatero poitana bambo wa mwanayo, "ikadzapezeka nambala yanuyo tidzadya?"

"Iyayi."

"Tidzavala?"

"Iyayi, anyina Maggie. Tidzangodziwa."

"Oo. Tidzadziwa." Ndipo ankapitiriza kusesa, maso ali pa buku.

Mu Malichi chaka chotsatira, chimanga chitayamba kukhwima, njovu zinalowa m'minda ya kufupi ndi Luangwa. Amuna a m'mudzi anapita kukakhala m'misasa kumeneko kuti aziziingitsa ndi zitini ndi utsi wa tsabola. A Morris anasiya buku kunyumba poopa mvula. Anakhalako milungu iwiri, ndipo theka la munda analipulumutsa.

Atabwerera n'kutsegula buku, anapeza masamba khumi ndi awiri olembedwa ndi dzanja lina. Manambala ake anali akuluakulu, opendekera kumanja ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Anayambira pa 623, pamene iwo anasiyira, mpaka pa 651. Tsamba lililonse linali ndi zotsala zake, zozungulizidwa ndi kamzere monga ankachitira iwo. Mkazi wa giredi folo anaphunzira kugawa kwautali poyang'ana pa phewa, ndipo sanafune kuti tsiku ngakhale limodzi la mwamuna wake lipite lopanda kanthu.

A Morris anatenga pensulo kuti ayese masambawo. Ndi mmene analili. Wilo limene amanga okha ankaliyesa sipoko ndi sipoko, nanga la wina? Koma atatukula mutu anaona a Damaris ataima pakhomo, manja ali onyowa, akuwayang'ana pankhope osaphethira. Anaika pensulo pansi.

"Mwagwira ntchito, anyina Maggie," anatero. M'mawa mwake anayambira pa 653.

Pa moyo wawo wonse, ichi chokha ndi chimene anachilandira osachiyesa.

Masiku khumi ndi awiri amenewo anasanduka chuma cha a Damaris. Anthu akamaseka amuna awo kuti masamu anawalowa ngati mizimu, iwo ankati, "Sekani, koma m'mabuku amenewo muli dzanja langa." Anauza amayi anzawo a ku tchalitchi. Anauza apongozi pa ukwati wa Maggie. Mkamwini aliyense ndi mtengwa aliyense wolowa pabanjapo ankayamba wamva za njovu za mu 1994 ndi masamba khumi ndi awiri asanadziwe pamene pamakhala mtsuko wa madzi. Analibe satifiketi, sanakwerepo sitima, ku Lusaka sanafikeko. Anali ndi masiku khumi ndi awiri.

Zaka zinapita. Anabereka ana asanu, mmodzi anamuika m'manda ali ndi zaka zinayi, ndipo sabata imeneyo buku silinatsegulidwe. Kunabwera chilala, kunabwera madzi osefukira. Njinga zamoto zinachuluka, ntchito ya pansi pa bwemba inachepa. Mabuku anadzaza bokosi lachitsulo limene analikweza pa njerwa chifukwa cha chiswe. Pofika 2024 a Morris anali atapitirira 23,000. Ankadziwa bwino kuti kufika pa 65,536 kunkafunika zaka zina zoposa makumi asanu, ndipo iwo analibe zaka zimenezo. Sizinkawasowetsa tulo. Ankati nambalayo ili kutsogolo, mwina mawa, mwina mkuja.

Maso a a Damaris anayamba kuchita ng'ala. Nkhope za anthu zinasanduka nkhungu, ndipo ulusi sankathanso kuulowetsa pa singano. Koma kukacha ankamva mpeni ukupala pensulo pakhonde, n'kudziwa kuti tsiku layamba bwino.

Mu Julayi chaka chimenecho kunabwera a Fridah Sakala, anesi a pa kiliniki, mayi wamkulu wochokera ku Chipata, amene ankayendera okalamba kuwayeza kuthamanga kwa magazi. Atamaliza kuyeza, a Damaris anapita kwa oyandikana nawo kukatenga nsawawa zoti alendo anyamule. Anesi anaona buku lili pampando n'kufunsa. A Morris anafotokoza mwachidule. Anesi anatulutsa foni, kugogoda pang'ono ndi chala, n'kumwetulira ngati munthu amene watola chinthu chimene mnzake wataya.

"Adada, apa akuti 641. Akuti 641 kuchulukitsa ndi 6,700,417."

"Foni yanu yanama. Pa 641 ndinadutsapo kalekale."

Koma munthu amene amayesa masipoko sangatsutse chinthu asanachiyese. Anatenga pensulo n'kugawa pomwepo, anesi akuona. Anatsika mzere ndi mzere. Pamapeto panabwera 4487 kuchotsa 4487. Panalibe choti azungulize. Anabwereza kachiwiri, ndipo sizinasinthe. Dzanja lawo linakhala pa tsambalo nthawi yaitali.

Kumwetulira kwa anesi kunatha. "Pepani adada. Sindinadziwe kuti ndi zaka zonsezi."

"Mukupepesa chiyani? Mwanena zoona."

Anesi atapita, a Damaris ali kuseri akusankha nyemba ndi zala, a Morris anatsegula bokosi n'kutulutsa buku loyamba, lofiira ndi ukalamba. Ankafuna kuona pamene iwo anaphonya. Anatsegula pa 641, n'kupeza manambala akuluakulu opendekera kumanja.

Cholakwa chinali pa mzere woyamba weniweni. Pochotsa 3846 pa 4294, a Damaris anabwereka imodzi kwa 9 kuti 4 akhale 14, monga kuyenera. Koma atafika pa 9 uja anaiwala kuti amubwereka, anamutenga ngati akadali 9 pamene anali atatsala 8. Analemba 458 m'malo mwa 448. Kuchokera apo zonse zinayenda bwino koma panjira yolakwika, ndipo pansi anazunguliza 400 ndi kamzere kosamala bwino.

Imodzi yobwereka n'kuiwalika. Nambala imene a Morris ankaifuna kutsogolo inali kumbuyo kwawo kuyambira Maggie ali kumsana.

Zaka makumi atatu sizinawapweteke monga mmene munthu angaganizire. Zaka zimapita ndithu, ugawe kapena usagawe. Chimene chinawapweteka ndi masiku khumi ndi awiri aja. Mkazi amene maso akumuthera, amene watsala ndi nkhani imodzi yonyadira, amuuze kuti nkhaniyo ndi imene inabisa yankho?

Njira zinalipo. Akanatha kung'amba tsambalo n'kuliponya pamoto, pakuti a Damaris sakanaona. Akanatha kunena kuti cholakwa chinali chawo, pa tsamba lina. Akanathanso kungopitiriza kugawa m'mawa uliwonse ngati palibe chachitika. Anaziyeza zonse zitatu n'kuona kuti iliyonse ndi bodza, ndipo yachitatuyo ndi bodza loti azidzalinena m'mawa uliwonse mpaka imfa. Kwa mlamu wakufa zoona zinatuluka mosavuta. Apa zinakanirira.

Masiku anayi sanasongole pensulo pakhonde. Ankanyamula buku lakalelo m'malaya n'kupita pansi pa bwemba, ndipo pakati pa njinga ndi njinga ankachita chimene anasiya kuchita mu 1994. Ankayesa masamba a akazi awo limodzi ndi limodzi, atatu pa tsiku.

M'mawa wa tsiku lachisanu a Damaris anatuluka ndi tsache n'kuima pakhonde osasesa.

"Awiske Maggie, mpeni wasowa?"

"Ulipo."

"Pensulo yatha?"

"Ilipo."

"Ndiye mwadwala, kapena mwapeza mkazi wina. Nenani chimodzi."

A Morris anasuntha pa benchi kuti akazi awo akhale. Anayang'ana nkhuku zikupalasa pansi pa nkhokwe. Kenako ananena monga ankanenera za njinga yakufa, koma mawu ali pansi.

"Nambala ija yapezeka. Anesi anaipeza pa foni, ine ndayesa, ndi yoona. Ndi 641."

Manambala ena onse a m'mabukumo a Damaris sankawadziwa, koma khumi ndi awiri awo ankawadziwa ngati mayina a ana.

"Imeneyo ndi yanga," anatero. "Lachiwiri la sabata yachiwiri. Maggie anali ndi chifuwa."

"Ndi yanu."

"Ndinalakwa pati?"

Anawafotokozera za imodzi yobwereka kwa 9. A Damaris anamvetsera, tsache lili pamiyendo, chala chikuyenda pa chitenje ngati chikulemba. Misozi inatuluka m'maso oyera aja, koma sanaipukute.

"Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukuyenda chifukwa cha ine. Ndipo ine ndikulengeza ku tchalitchi."

"Iyayi. Inu munalakwa imodzi. Ine ndinalakwa yaikulu, sindinayese."

"Chifukwa chiyani? Inu amene simukhulupirira ngakhale sikelo ya ku kiliniki?"

"Munali pakhomo mukundiyang'ana. Ndinaopa kuti ndikayesa mudzati sindikukukhulupirirani."

A Damaris anatembenuka. "Mdala wopusa. Ine ndinaima pakhomo paja kudikira kuti muyese. Mtima unkagunda, koma ndinkafuna muyese. Mutaika pensulo pansi ndinati, kaya aona kuti ndi za mkazi, n'zosayenera kuvutika nazo. N'chifukwa chake ndakhala ndikuuza aliyense. Ndinkafuna wina andiuze ngati ndinakhoza."

Zaka makumi atatu a Morris ankaganiza kuti tsiku limenelo anachita chifundo.

"Ndayesa manje," anatero. "Masiku anayi awa ndi zimene ndimachita pansi pa bwemba. Khumi ndi limodzi ali bwino. Palibe pamene mwaphonya, ngakhale pa 637 pamene pali kubwereka kochuluka."

"Mukundinyengerera."

"Ndinakunyengereranipo liti?"

A Damaris anaganiza pang'ono. "Kamodzi. Ndipo taonani zimene zinachitika." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Khumi ndi limodzi. Giredi folo." Anaimirira. "Ndipatseni kamtengo. Ya khumi ndi chiwiriyo ndimaliza ndekha."

Anasesa malo aakulu pabwalo pomwe dzuwa linkawala. A Morris anatchula manambala, ndipo a Damaris anawalemba pansi, lililonse lalikulu ngati phazi la munthu kuti alione. Anapempha chimanga chodzaza dzanja. Atafika pa 4294 kuchotsa 3846, anabwereka imodzi kwa 9, n'kuika njere ya chimanga pamwamba pake.

"Uyu ndamubwereka. Akhale ndi chizindikiro, asadzandikanenso."

Analemba 448. Anatsika pang'onopang'ono, akukwawa ndi mawondo chammbuyo, mizere ikutalika kulowera ku nkhokwe. Nkhuku inabwera kudzatola njere ija ndipo a Morris anaiingitsa ndi chipewa. Sanathandize kanthu kena. Kawiri anaona akazi awo akukayika ndipo anadziluma lilime. Dzuwa litakwera, a Damaris anafika pa mzere womaliza. Analemba 4487, pansi pake 4487, n'kujambula mzere. Kamtengo kanakhala m'mwamba.

"Palibe," anatero.

"Palibe."

"Ndizungulize chiyani manje?"

"Palibe chozunguliza, anyina Maggie. Yatha."

A Damaris anakhala pansi pomwepo, fumbi lili m'mawondo, n'kuyang'ana yankho limene linali pamwamba, 6,700,417. "Ndiye tadziwa," anatero. Patapita kanthawi anafunsa, "Nanga iyi, nayo imagawika?"

A Morris anali ataganiza kale zimenezi pansi pa bwemba. Anafotokoza kuti nambala yaikulu ija ili ngati milu 641 ya chimanga, mulu uliwonse wa njere 6,700,417. Chilichonse chimene chingagawe mulu umodzi osasiya zotsala chingagawenso milu yonse pamodzi. Ndipo kwa mulu umodziwo malire ake ndi 2,588 basi, osati 65,536. Manambala onse mpaka pamenepo anali kale m'mabuku, ndipo palibe limene linalowa. Inatsala 641 yomweyo, anaiyesa, n'kutsala 44. Choncho 6,700,417 ndi yosagawika, ngati 7 ndi 13.

"Ndiye mabuku anu ali ndi ntchito."

"A zaka zitatu ndi theka zoyamba. Enawo alibe."

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zopanda ntchito, ndipo mukunena ngati mukunena za mvula." A Damaris anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anasiya, n'kuloza amuna awo ndi kamtengo. "Koma imani. Masamba anga mwayesa. Anu anayesa ndani?"



"Palibe," anavomera a Morris.

"Ndiye simukudziwa. Mukungoganiza. Mawa musongole pensulo, tiyambire pa 3."

Ndi mmene zilili mpaka lero. M'mawa uliwonse kupatula Lamulungu, mpeni umapala pensulo pakhonde. A Morris amawerenga mokweza tsamba limodzi la buku lakale, ndipo a Damaris amaligawanso pafumbi ndi kamtengo, chimanga chili m'mbale pambali pawo. Kuti afike pa 2,588 pakufunika zaka zitatu ndi miyezi ingapo. Anesi analembetsa a Damaris kuti madokotala a maso akadzafika ku boma la Chama adzawachotse ng'ala, koma foni ya anesiwo a Damaris anailetsa kuti isadzatchulenso nambala pakhomo pawo.

Pofika pano apeza masamba awiri amene a Morris anaphonya. Onse awiri atakonzedwa anasiyabe zotsala, choncho sanabise kanthu. Koma nkhani ya ku tchalitchi inasintha. Manje a Damaris amati pa masamba khumi ndi awiri anakhoza khumi ndi limodzi, limodzi analakwa n'kudzalikonza okha ndi maso a ng'ala, ndipo amuna awo, a giredi sikisi, alakwa kale awiri. Wina akafunsa a Morris pansi pa bwemba ngati n'zoona, iwo sasiya kumanga sipoko.

"N'zoona," amatero. "Pa 49 ndi pa 187."